Mtovu Kusanduka Golide: Mkangano wa Ma Ulama Akale ndi Yankho la Fizikisi ya Lero

M'mwezi wa May 2025, akatswiri a ku CERN, malo aakulu ofufuzirako za fizikisi pafupi ndi mzinda wa Geneva, analengeza kuti makina awo akhala akusandutsa mtovu kukhala golide. Wophunzira mbiri ya Chisilamu akamva zimenezi amakhala ndi mafunso awiri. Kodi si umboni uwu wakuti Jabir ibn Hayyan ndi anzake ankanena zoona? Nanga ma Ulama amene analemba kuti ntchito yopanga golide ndi yabodza, ndiye kuti anaphonya? Mafunsowa ndi oyenera, chifukwa akukhudza mmene timawerengera mabuku a ma Imamu athu. Kuti tiwayankhe mwachilungamo tiyenera kuona chimene aliyense ananena, chifukwa chimene ananenera, ndi chimene makina a lero achitadi.

Kumene ntchitoyi inachokera

Liwu lakuti al-kimiya tinalilandira kudzera m'Chiarabu, ndipo ndi kumene kunachokera dzina la kemisitiri imene ana athu amaphunzira ku sekondale. Koma ntchitoyo ndi yakale kuposa Chisilamu cha ku Egypt. Amisiri a kumeneko olankhula Chigiriki ankadziwa kusakaniza zitsulo ndi kuzisintha mtundu kuti zioneke ngati golide kapena siliva. Cha m'ma 300, Zosimos wa ku Panopolis, mzinda umene lero ukutchedwa Akhmim, analemba za ng'anjo, ziwiya zotchezera ndi njira zosinthira zitsulo.

Ibn al-Nadim, wogulitsa mabuku wa ku Baghdad amene analemba al-Fihrist m'chaka cha 377H/987, akunena kuti Msilamu woyamba kulamula kuti mabuku otere amasuliridwe m'Chiarabu anali Khalid ibn Yazid wa banja la Umayya. Ibn Khaldun anaikayikira nkhaniyi, ndipo ofufuza ambiri a masiku ano akugwirizana naye. Chosakayikitsa n'chakuti m'nthawi ya ma Abbasi, pamene mabuku a Agiriki ankamasuliridwa ochuluka ku Baghdad, al-kimiya inali itazika mizu pakati pa ophunzira.

Chifukwa chimene anthu anzeru anakhulupirira

N'kosavuta kwa ife lero kuwaseka anthu amenewa, koma maso awo ankaona zinthu zovuta kuzikana. Mkuwa wofiira ukatenthedwa pamodzi ndi mwala umene ankautcha tutiya unkatuluka wachikasu ngati golide. Chitsulo chikaviikidwa m'madzi a mchere wina wobiriwira chinkakutidwa ndi mkuwa. Ndipo mtovu wa ku mgodi ukaotchedwa kwambiri m'mbale ya phulusa la mafupa, pansi pake pankatsala kadontho ka siliva. Lero tikudziwa kuti siliva uja anali momwemo kuyambira kale, koma kwa mmisiri wa nthawi imeneyo zinkaoneka kuti mtovu wabala siliva.

Mabuku otchedwa ndi dzina la Jabir ibn Hayyan, amene mbiri imati anakhala ku Kufa ndipo anamwalira cha m'ma 200H/815, anapereka chifukwa cha zimenezi. Ndi mabuku mazanamazana, moti katswiri Paul Kraus, m'kafukufuku wake wa 1942 ndi 1943, anaona kuti ambiri mwa iwo analembedwa ndi anthu angapo a m'mibadwo yotsatira. Chiphunzitso chawo chinatsamira pa maganizo a Agiriki akuti chinthu chilichonse chili ndi makhalidwe anayi: kutentha, kuzizira, kunyowa ndi kuuma. Anawonjezera kuti zitsulo zonse zimabadwa pansi pa nthaka kuchokera ku makolo awiri, sulufule ndi mercury. Awiriwa akakhala oyera ndi olingana bwino, pamabadwa golide. Akakhala odetsedwa kapena osalingana, pamabadwa mkuwa, chitsulo kapena mtovu. Choncho mtovu unali ngati chipatso chosapsa, kapena ngati golide wodwala, ndipo chofunika chinali mankhwala ouchiritsa. Mankhwala amenewo ankawatcha al-iksir.

Pofunafuna al-iksir, anthuwa anaphunzira zambiri zenizeni. Abu Bakr al-Razi, sing'anga wamkulu wa ku Rayy amene anamwalira cha m'ma 313H/925, anagawa zinthu m'magulu atatu: zochokera m'nthaka, ku zomera ndi ku nyama. Za m'nthakazo anazigawanso m'magulu asanu ndi limodzi. Analongosola ziwiya zake chimodzichimodzi, ndi njira zosungunulira, zosefera ndi zotchezera, momveka bwino moti wina akanatha kubwereza ntchitoyo. Golide sanam'peze, koma anasiyira dziko dongosolo la chipinda choyeseramo zinthu.

Mkangano wa anzeru

Otsutsa analipo kuyambira pachiyambi. Al-Kindi analemba kabuku kotsutsa anthu odzinenera kuti amapanga golide ndi siliva, ndipo al-Razi anamuyankha. Al-Farabi, amene anamwalira mu 339H/950, anati kusinthaku n'kotheka, chifukwa zitsulo zonse ndi mtundu umodzi ndipo zimangosiyana pa zinthu zakunja monga maonekedwe ndi kulimba.

Mawu amene analemera kwambiri anali a Ibn Sina, amene anamwalira mu 428H/1037. M'gawo la za miyala la buku lake al-Shifa, iye anati amisiri angathe kuyeretsa mkuwa kuti ufanane ndi siliva, kapena kuupatsa chikasu cha golide, mpaka kunamiza ngakhale anthu ochenjera, koma mkuwawo umakhalabe mkuwa. Chifukwa chake chinali chakuya. Anati chimene chimasiyanitsa chitsulo china ndi chinzake si mtundu kapena kulemera kumene timakuona ndi maso, koma chinthu china chamkati chimene anthu sachidziwa. Nanga munthu angasinthe bwanji chinthu chimene sachidziwa n'komwe?

Patapita zaka pafupifupi 80, al-Tughra'i, nduna ndi mlakatuli amene anaphedwa cha m'ma 1121, anamuyankha. Anati mmisiri salenga kalikonse. Ntchito yake ndi kukonza chinthu kuti chikhale choyenera kulandira chikhalidwe chatsopano, ndipo wopereka chikhalidwecho ndi Mlengi. Choncho, kwa iye, kusadziwa chinsinsi chamkati sikunali chopinga.

Ibn Khaldun, amene anamwalira mu 808H/1406, anasonkhanitsa mkangano wonsewu m'buku lake al-Muqaddima ndipo anaima ndi okana. Anati palibe munthu ndi mmodzi yemwe wodziwika kuti anapambanadi, ngakhale mibadwo yatha ikuyesa. Anati golide amatenga nthawi yaitali kwambiri kuti akhwime m'nthaka, podutsa m'masinthidwe ochuluka amene munthu sangawadziwe onse. Anatinso Allah mwa nzeru Zake anachititsa golide ndi siliva kukhala zosowa kuti zikhale muyeso wa chuma cha anthu, ndipo zikanati zizipangidwa mwachisawawa, muyesowo ukanawonongeka. Anaonanso chinthu china chokhudza mtima wa munthu: Ibn Sina wokanayo anali nduna yolemera, pamene al-Farabi wovomerezayo anali wosauka. Ambiri olowa ntchitoyi, iye anati, amakankhidwa ndi kulephera kupeza rizki m'njira zodziwika monga ulimi, malonda ndi umisiri.

Zimene ma Fuqaha anaona pamsika

Pamene anzeru ankakangana m'mabuku, ma Qadhi ankakumana ndi anthu olira. Kuchokera kwa Qadhi Abu Yusuf, wophunzira wa Imam Abu Hanifa amene anamwalira mu 182H/798, kunalandiridwa chenjezo lakuti wofuna chuma kudzera mu al-kimiya mapeto ake ndi umphawi.

Al-Jawbari wa ku Damascus, amene m'zaka za m'ma 1200 analemba buku loulula machenjera a atambwali, akusimba nkhani imene akuti inam'gwera Sultan Nur al-Din. Mlendo wina anapala ndalama zagolide kukhala ufa, nausakaniza ndi makala ndi zinthu zina, naumba timibulu. Timibuluto anakagulitsa motchipa kwa wogulitsa mankhwala pamsika, atatipatsa dzina lopeka. Kenako anadziwika kwa Sultan ngati katswiri, ndipo pomuyesa anatuma anthu kukagula zofunika, kuphatikizapo mankhwala a dzina lopeka aja. Zonse zitasungunuka pamoto, golide anatuluka pamaso pa Sultan, mlendoyo osagwirako ndi dzanja. Atafuna kubwereza, mankhwala aja anali atatha pamsika. Mlendo anati amapezeka ku Khurasan kokha, napatsidwa chuma chambiri cha paulendo, ndipo sanaonekenso. Nkhaniyo imati munthu wina amene ankalemba mndandanda wa anthu opusitsika anaika dzina la Sultan pamwamba, nalonjeza kuti mlendoyo akadzabwerera adzafufuta dzina la Sultan n'kulemba la mlendoyo.

M'dziko lotere ndi mmene Sheikh Ibn Taymiyya, amene anamwalira mu 728H/1328, anafunsidwa za al-kimiya. Anayankha kuti chopangidwa ndi amisiriwa chimangofanana ndi golide, si golide amene Allah analenga, ndipo kuchigulitsa ngati golide ndi chinyengo choletsedwa. Tsinde la lamuloli ndi lodziwika. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya Mtumiki, Swalla Llahu alaihi wa sallam, pamene anapisa dzanja mu mulu wa chakudya chogulitsa napeza kuti mkati mwake ndi monyowa, ndipo anadzipatula kwa munthu wachinyengo. Wophunzira wake, Ibn Kathir, pomasulira nkhani ya Qarun mu Surat al-Qasas, anatchula maganizo a ena akuti Qarun analemera chifukwa cha al-kimiya, koma anawakana kuti ndi ofooka, ponena kuti kusintha chenicheni cha chinthu kuli m'manja mwa Allah yekha.

Kwa ife amene ambiri timaphunzira fiqh ya Imam al-Shafi'i, mawu ofunika kuwadziwa ndi a Ibn Hajar al-Haytami, amene anamwalira mu 974H/1567. M'buku lake Tuhfat al-Muhtaj, pa khomo la za najisi, anafunsa ngati chinthu chingasinthe chenicheni chake, monga mkuwa kukhala golide. Anatchula mbali ziwiri, nasankha yakuti n'zotheka mwa mphamvu ya Allah, popereka chitsanzo cha ndodo ya Mneneri Musa, mtendere ukhale pa iye, imene inasandukadi njoka. Kenako anamanga lamulo lake pa maziko amenewo: munthu amene akudziwa motsimikiza njira yosinthiradi chitsulo, n'kololedwa kwa iye kuichita ndi kuiphunzitsa, koma ngati alibe kudziwa kotsimikizika ndipo ntchitoyo ndi khomo la chinyengo, ndiye kuti ndi haraam. Ibn Abidin wa madhhab a Hanafi, amene anamwalira mu 1252H/1836, anawatenga mawuwa nawaika kumayambiriro kwa Radd al-Muhtar.

Kuchokera ku ng'anjo kufika ku atomu

Mu 1144 Robert of Chester anamasulira buku la al-kimiya kuchokera m'Chiarabu kupita m'Chilatini, ndipo malotowo anasamukira ku Europe pamodzi ndi mavuto ake. Papa John XXII analetsa golide wachinyengo wa amisiriwa mu 1317, ndipo England inakhazikitsa lamulo loletsa ntchitoyi mu 1404. Komabe anthu otchuka ngati Robert Boyle ndi Isaac Newton anathera zaka zambiri akuyesa. Mu 1669 Hennig Brand wa ku Hamburg, akufunafuna golide m'mkodzo, anatulukira phosphorus.

Malotowo anazilala pamene Antoine Lavoisier mu 1789 anandandalika zinthu zoyambirira, maelementi, zimene moto kapena mankhwala sizingaziphwanye kukhala zina. Golide ndi mtovu zinali pa mndandandawo, chilichonse pachokha. Kwa zaka zoposa 100 dziko la sayansi linaima pamene anaima Ibn Sina.

Kenako zinthu zinatembenuka. Mu 1896 Henri Becquerel anapeza kuti uranium amatulutsa cheza payekha. Mu 1901 ndi 1902, Ernest Rutherford ndi Frederick Soddy, ali pa yunivesite ya McGill ku Montreal, anaona kuti thorium akamatulutsa cheza amasanduka elementi ina popanda womukhudza. Mu 1911 Rutherford anaonetsa kuti atomu ili ndi phata laling'ono kwambiri pakati pake, ndipo mu 1913 Henry Moseley anasonyeza kuti elementi iliyonse ili ndi nambala yakeyake yochokera m'phatamo. Nambalayo ndi chiwerengero cha tinthu totchedwa mapulotoni. Golide ali ndi 79, mercury 80, mtovu 82, bismuth 83.

Apa ndi pamene panapezeka chinthu chamkati chija chimene Ibn Sina anati anthu sachidziwa. Apanso ndi pamene tikumvetsa chifukwa chimene ng'anjo zonse zakale zinalepherera. Moto, mchere ndi asidi zimangogwira kunja kwa atomu, kumene kuli maelekitironi. Mphamvu yomanga phata ndi yaikulu kuwirikiza pafupifupi miliyoni kuposa imene imagwira ntchito pa kusakanikirana kwa mankhwala. Ngakhale mmisiri akanapemerera mvukuto wake usiku ndi usana, phata la mtovu silikanagwedezeka.

Makina atayesa

Mu 1919 Rutherford anawombera naitirojeni ndi tinthu tothamanga tochokera ku zinthu zotulutsa cheza, ndipo mu 1925 Patrick Blackett anatsimikiza kuti naitirojeniyo inkasanduka okosijeni. Chiyembekezo cha golide chinadzukanso. Mu 1924 Adolf Miethe ku Berlin ndi Hantaro Nagaoka ku Japan analengeza kuti apanga golide kuchokera ku mercury ndi magetsi amphamvu, koma ofufuza ena atabwereza mosamala sanapeze chimenecho, ndipo zinaoneka kuti golideyo anali m'zipangizo zawo kale. Anakodwa mu msampha womwe uja wa kadontho ka siliva ka mu mtovu.

Golide weniweni anapangidwa mu 1941 ku Harvard, pamene Sherr, Bainbridge ndi Anderson anawombera mercury ndi manyutuloni, koma anali wa mtundu wosakhazikika, wotulutsa cheza n'kusanduka china. Mu 1980, ku Lawrence Berkeley Laboratory ku California, gulu limene munali Glenn Seaborg linachotsa mapulotoni ku bismuth n'kupeza maatomu a golide masauzande ochepa chabe, osaoneka ndi maso.

Za ku CERN zimachitika m'makina otchedwa Large Hadron Collider, njira yozungulira ya pansi pa nthaka yotalika makilomita 27. Maphata a mtovu amathamangitsidwa pa liwiro lotsala pang'ono kufanana ndi la kuwala. Awiri akaphonyana pafupi kwambiri osagundana, mphamvu yamagetsi ya limodzi imagwedeza linzake mpaka kuthothola tinthu tina. Pakachoka mapulotoni atatu pa 82, pamatsala 79, ndipo ameneyo ndi golide. Gulu la ALICE linawerengera kuti pakati pa 2015 ndi 2018 panapangidwa maphata a golide pafupifupi 86 biliyoni. Nambalayi ikumveka yaikulu, koma kulemera kwake ndi mapikogalamu 29, ndipo pikogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 thiriliyoni a galamu. Pa malo a ALICE pokha, makinawo akafika pachimake amapanga maphata pafupifupi 89,000 pa sekondi. Pa liwiro limenelo, galamu imodzi ingatenge zaka zoposa 1 biliyoni. Kuwonjezera apo, golideyo sakhalitsa: amakamenya makoma a makinawo n'kusweka m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso.

Chilengedwe pachokha chimayenda njira yosiyana ndi imene akale ankaganiza. Iwo ankati mtovu ukukhwima kuti udzakhale golide, koma uranium, monga wa ku Kayelekera ku Karonga, amasanduka pang'onopang'ono mpaka kuthera pa mtovu, ndipo theka lake limatenga zaka 4.5 biliyoni. Golide amabadwa m'zochitika zoopsa za kuthambo, monga kugundana kwa nyenyezi ziwiri zolemera kwambiri kumene akatswiri anakuona pa 17 August 2017.

Ndani tsono ananena zoona?

Aliyense anagwira mbali yake. Ibn Sina ananena zoona kuti amisiri a ng'anjo ankangosintha maonekedwe, ndiponso kuti popanda kudziwa chosiyanitsa chamkati palibe chingatheke. Al-Farabi ndi al-Tughra'i sanalakwe poganiza kuti zitsulo zili ndi chiyambi chimodzi, pakuti zonse n'zomangidwa ndi tinthu tofanana, ngakhale kuti tinthuto si sulufule ndi mercury. Ibn Khaldun akuimabe pa mfundo yake ya chuma: ngakhale makina aakulu kuposa onse padziko sanachotse kusowa kwa golide.

Nanga amene anati kusinthaku n'kosatheka m'pang'ono pomwe? Pano tiyenera kulekanitsa zinthu ziwiri. Lamulo lawo lakuti chinyengo ndi haraam lili ndi umboni wa Shariya, ndipo silidzasintha. Koma kunena kuti chitsulo sichingasanduke china kudzera m'dzanja la munthu kunali kuyesetsa kwawo pa nkhani ya chilengedwe, malinga ndi zimene zinkadziwika m'nthawi yawo. Palibe aya ya Qur'an kapena hadith yotsimikizika imene inatchula al-kimiya. Kuvomereza zimenezi sikuchepetsa ulemu wawo, ndipo sikugwedeza chikhulupiriro chathu. Katswiri wa ku CERN sanalenge pulotoni ngakhale imodzi. Wangochotsa zitatu pa zimene anazipeza zili kale, potsata malamulo amene iye sanawaike, monga mlimi amabzala mbewu koma womeretsa ndi Allah.

Tipewenso kukokomeza kwa mbali inayo. Jabir sankadziwa za phata la atomu, ndipo kuyandikana kwa mercury ndi golide pa nambala 80 ndi 79 si umboni wakuti iye anaziona. Ulemu wa Jabir ndi al-Razi uli pa ntchito imene anaigwiradi, sufunika kuwonjezeredwa ndi nkhani zopeka.

Phunziro la fiqh

Njira ya Ibn Hajar al-Haytami ndi imene yapirira nthawi, chifukwa iye anapachika lamulo pa chenicheni cha chinthucho. Titaitsata, golide wopangidwa m'makina, atakhala wokhazikika ndi wokwanira kugwirika, angakhale golide ndithu, pakuti maatomu ake sasiyana ndi a golide wa mu mgodi. Zakaat ya 2.5 peresenti ingam'gwere akafika pa nisaab ya mithqaal 20, pafupifupi magalamu 85, ndi kutha chaka. Posinthanitsa ndi golide mnzake pangafunike kulingana kwa muyeso ndi kupatsana pompopompo, ndipo angaletsedwe kwa amuna kuvala monga golide wina aliyense. Koma mapikogalamu 29 aja angafunike kuwirikizidwa pafupifupi ka 3 thiriliyoni kuti afike pa nisaab, choncho funsoli likhalabe la m'kalasi.

Limene si la m'kalasi ndi theka lachiwiri la lamulo lake. Mlendo wa ku Khurasan uja adakalipo. Lero amabwera ndi mkuwa wopukutidwa bwino n'kumati ndi golide, kapena amalonjeza kuchulukitsa ndalama za munthu usiku umodzi, ndipo amene amagwa ndi omwe aja anawatchula Ibn Khaldun, anthu otopa ndi njira zachizolowezi zopezera rizki. Aphunzitsi akamafika pa khomo la malonda m'mabuku a fiqh, nkhaniyi ndi chitsanzo chabwino chophunzitsira za chinyengo. Ndipo ophunzira atengepo chizolowezi ichi: powerenga fatwa yakale, afunse kuti ndi mawu ati amene atsamira pa Qur'an ndi Sunnah, ndi ati amene atsamira pa zimene anthu a nthawiyo ankadziwa za chilengedwe. Oyambawo timawagwiritsa mwamphamvu. Achiwiriwo timawayesa ndi kudziwa kotsimikizika, monga mmene ma Imamu eni ake anachitira. Allah ndiye Wodziwa koposa.